Cholowa N'chiti, Chotuluka N'chiti? Phunziro la Zizindikiro za pa Ma Parameter

Tsiku lina masana m'labu ya makompyuta, mnzathu wina wa chaka chachiwiri anandikodola kuti ndikaone zimene pulogalamu yake inkachita. Inali pulogalamu yaing'ono ya m'chinenero cha C, yowerengera avereji ya malikisi a kalasi. Pa makalasi atatu inayankha bwinobwino. Pa kalasi yachinayi, imene malikisi ake anali asanalowetsedwe, inalemba kuti avereji ndi -9.25596e+61. Mnzathuyo anaseka, n'kunena kuti kompyutayo yalodzedwa.

Sinalodzedwe ayi. Nambala imeneyi ndi yodziwika kwa aliyense amene wakhalitsa pa Visual Studio. Pulogalamu ikamangidwa mwa Debug, malo a variable imene sinapatsidwe kanthu amadzazidwa ndi 0xCC, ndipo ma byte 8 oterewa akawerengedwa ngati double amatulutsa nambala yodabwitsa ija. Ma byte 4 akawerengedwa ngati int mumaona -858993460. Mukadzaiona, dziwani kuti mwawerenga malo amene simunalembedwe chilichonse.

Mwayi wake unali wakuti bodzalo linali loonekeratu. Pulogalamu yomweyo ikamangidwa mwa Release, palibe amene amadzazamo 0xCC. M'malomo mumakhala chilichonse chimene chinatsalira pa ntchito ina, ndipo chotsaliracho chikhoza kukhala 0, kapenanso avereji ya kalasi yapitayo. Nambala yooneka bwino chotero munthu angathe kuisindikiza pa lipoti la mwana wa eni ake popanda kukayika n'komwe.

Khodi yake inali iyi:

```c
void pezaAvereji(int *malikisi, int kuchuluka, double *avereji)
{
    if (kuchuluka == 0)
        return;
    int zonse = 0;
    for (int i = 0; i < kuchuluka; i++)
        zonse += malikisi[i];
    *avereji = (double)zonse / kuchuluka;
}
```

Ndipo pamalo poitanira function imeneyi panali mizere itatu yokha:

```c
double a;
pezaAvereji(kalasi, n, &a);
printf("%g\n", a);
```

Musanapitirire, imani kaye muwerengenso. Wolakwa ndani, wolemba function kapena woiitana? Wolemba anganene kuti anachita bwino kupewa kugawa ndi 0. Woitana anganene kuti anapereka malo oti alandiriremo yankho, ndipo palibe anamuuza kuti nthawi zina yankholo silibwera. Onse awiri ali ndi mfundo, chifukwa pangano la pakati pawo silinalembedwe paliponse. Pa nkhani ya mnzathuyu anthu awiriwa anali munthu mmodzi yemweyo, ndipo anali ataiwala zimene iye mwini ankaganiza sabata yapitayo.

Vuto lili pa kanyenyezi

Chinenero cha C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, chimapatsa function kope la chinthu, osati chinthu chenichenicho. Mukapereka nambala 5, function imalandira 5 wakewake, ndipo kaya imusinthe motani, 5 wanu amakhala momwemo. Choncho parameter ngati `kuchuluka` ilibe chinsinsi, ndi yolowa basi. Koma mukafuna kuti function ikubwezereni zinthu zingapo, kapena igwire ntchito pa mndandanda waukulu popanda kuukopera, mumaipatsa pointer, ndiye kuti adiresi ya malo a mu memory. Apa ndi pamene chisokonezo chimayambira. Adiresi imangonena kumene kuli chinthu. Sinena chimene wopatsidwayo akukachita kumeneko.

Taganizirani za ulendo wa kuchipatala. Mumanyamula zinthu zitatu. Choyamba ndi chiphaso, chimene kalaliki amangochiwerenga n'kukubwezerani mmene chinalili. Chachiwiri ndi buku lanu la kuchipatala, limene adokotala amawerengamo za matenda akale kenaka n'kulembamo zatsopano. Chachitatu ndi kabotolo kamene mwatenga kuti akuthirirenimo mankhwala a chifuwa. Palibe amene ali ndi ntchito ndi zimene zinali m'kabotolomo poyamba, koma potuluka mukuyembekeza kuti muli mankhwala. Tsono tiyerekeze kuti mankhwala atha, ndipo wogawa wakubwezerani kabotolo kaja osanena kanthu. Inu mwafika kunyumba n'kumwetsa mwana zimene zinatsalira pansi pake. Zimenezi ndi zomwe zinachitikira variable `a` ija.

Mitundu itatuyi ndi imene olemba mapulogalamu amaitchula kuti in, in-out ndi out. Ku chipatala mumaisiyanitsa ndi maso. Mu C yonse itatu imalembedwa mofanana, ndi kanyenyezi kamodzi. Pa mzere woyamba wa function ya mnzathuyu, `malikisi` ndi `avereji` zikuoneka ngati mapasa, chonsecho china ndi chiphaso, china ndi kabotolo.

Wofufuza amene sayendetsa pulogalamu

Njira yozolowereka yopezera zolakwika ndi kuyendetsa pulogalamu n'kuona zotuluka. Vuto lake n'lakuti mumangoona njira zimene mwadutsamo. Mnzathuyu akanapanda kuyesa kalasi yopanda malikisi, bwenzi cholakwikacho chili phee mpaka tsiku lotseka sukulu. Njira ina ndi imene imatchedwa static analysis. Pulogalamu ina imawerenga khodi yanu popanda kuiyendetsa, n'kutsatira mphambano iliyonse ya `if` ndi kuzungulira kulikonse kwa `for`, ikudzifunsa kuti, pofika apa, variable iyi ili ndi kanthu kodi? Pointer iyi singakhale NULL? Nzeru imeneyi ndi yakale. Stephen C. Johnson analemba chida chotchedwa lint ku Bell Labs mu 1978, ndipo mpaka lero zida zambiri za mtunduwu zimatchulidwabe ndi dzina limenelo.

Koma dziikeni m'malo mwa wofufuzayo. Mwafika pa mzere umene ukupereka `&a` kwa function ina, ndipo mukudziwa kuti `a` sinapatsidwe kanthu. Kodi muchenjeze? Ngati function ikukawerenga `a`, ndiye kuti pali cholakwika chachikulu. Ngati ikukalembamo, zonse zili bwino, ndipo chenjezo lanu lingosokoneza anthu. Mungati, bwanji osangolowa m'kati mwa function n'kuona? Nthawi zambiri n'zosatheka. Function ikhoza kukhala m'fayilo ina, kapena mu library imene munangolandira itamangidwa kale, inu n'kungotsala ndi mzere umodzi wa mu header. Ngakhale khodi yonse ikhalepo, kutsatira function iliyonse kulowa m'inzake, inzakeyo kulowanso m'ina, kumachulukitsa njira mofulumira kwambiri moti pa pulogalamu yaikulu ntchitoyo singathe msanga. N'chifukwa chake zida zambiri zimafufuza function imodzi pa nthawi imodzi.

Wofufuza akasowa chomuuza, amasankha chimodzi mwa zoipa ziwiri. Akhoza kuchenjeza paliponse, ndipo anthu amatopa naye n'kumuzimitsa. Kapena akhoza kukhala chete paliponse pamene waona `&`, poganiza kuti function yalembamo, ndipo cholakwika ngati cha mnzathuyu chimadutsa osaonedwa. Zizindikiro za pa ma parameter zimathetsa kulosera kumeneku. Mumalemba panganolo pa mzere woyamba wa function, ndipo wofufuza amaligwiritsa ntchito mbali ziwiri. Akakhala m'kati mwa function amaona ngati function ikusunga zimene inalonjeza. Akakhala kwa woitana amaona ngati woitanayo wapereka zimene zikufunika. Safunikanso kuona mbali ziwirizo nthawi imodzi.

Mmene a Microsoft anachitira

Kampani ya Microsoft inaphunzira zimenezi movutikira. Mu Januwale 2002 Bill Gates analembera antchito onse kalata yonena kuti chitetezo chikhale patsogolo pa zinthu zatsopano. Mu Ogasiti 2003 kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa Blaster kanafalikira m'makompyuta a Windows padziko lonse, kudzera pa khodi imene inkalemba zinthu zambiri kuposa malo amene anakonzedwa. M'zaka zimenezo kampaniyi inakhazikitsa SAL, mayina ake onse ndi Source-code Annotation Language, ndipo inaika zizindikiro zake m'ma header a Windows. Zolemba zakale za SAL zinkaoneka ngati `__in` ndi `__out`. Zimene zikugwiritsidwa ntchito masiku ano zimayamba ndi chilembo chachikulu, monga `_In_`, `_Out_` ndi `_Inout_`, ndipo zimapezeka m'fayilo ya `sal.h`. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, mu 2019 a Microsoft ananena kuti pafupifupi 70 peresenti ya mabowo a chitetezo amene amatseka chaka chilichonse amachokera ku kagwiritsidwe ntchito kolakwika ka memory.

Tiyeni tsono tiveke function ija zizindikiro zake:

```c
void pezaAvereji(
    _In_reads_(kuchuluka) const int *malikisi,
    int kuchuluka,
    _Out_ double *avereji);
```

Mukamanga pulogalamuyi mwa masiku onse, palibe chimasintha. Zizindikirozi ndi ma macro amene amasanduka opanda kanthu, choncho pulogalamu sikula ndipo siichedwa. Koma mukayatsa wofufuza, polemba `cl /analyze` kapena posankha Run Code Analysis pansi pa Analyze mu Visual Studio, mudzalandira chenjezo C6101. Tanthauzo lake n'lakuti pali njira ina yotulukira mu function imene ikusiya `*avereji` yosalembedwa. Njira imeneyo ndi yodutsa pa `return` wa pansi pa `if` uja. Cholakwika chimene chinatidyera theka la ola m'labu chikanaoneka pulogalamu isanayende n'komwe.

Kukonza kwake kukufuna kuganiza, ndipo apa ndi pamene ndimaona phindu lalikulu la zizindikirozi. Njira yachidule ndi kulemba `*avereji = 0` musanatuluke. Chenjezo lidzatha ndithu. Koma kodi kalasi yopanda malikisi ili ndi avereji ya 0? Ayi, ilibe avereji. Mukalemba 0 mwangosintha bodza loonekera kukhala bodza lobisika. Choona chake n'chakuti function imeneyi nthawi zina imalephera, ndipo iyenera kukhala ndi pakamwa ponenera kuti yalephera:

```c
_Check_return_
_Success_(return != 0)
int pezaAvereji(
    _In_reads_(kuchuluka) const int *malikisi,
    int kuchuluka,
    _Out_ double *avereji);
```

Mzere wa `_Success_` ukunena kuti lonjezo la `_Out_` likugwira ntchito pokhapokha function ikabweza nambala imene si 0. Tsopano function ili ndi ufulu wobweza 0 osakhudza `*avereji`, koma katundu wasamukira kwa woitana. Akanyalanyaza chimene function yabweza, `_Check_return_` imadzetsa chenjezo C6031. Akagwiritsa ntchito `a` pa njira imene function yalephera, amalandira C6102. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo apa wofufuza akukakamiza woitana kufunsa kaye asanamwe za m'kabotolo.

Onaninso kuti ndawonjezera `const` pa `malikisi`. Ena amaganiza kuti mukalemba `_In_` ndiye kuti `const` safunikanso, kapena kuti `const` payekha ndi wokwanira. Ziwirizi zimathandizana. Mawu a `const` ndi a chinenero chenichenicho, ndipo compiler iliyonse imakana mukayesa kulemba kudzera pa pointer yotero. Koma `const` sanena kuti pointer isakhale NULL, sanenanso kuti pali zinthu zingati kumene ikulozako. Komanso kusowa kwa `const` sikukuuzani ngati parameter ndi out kapena in-out. Pa kusiyana kumeneku chinenero cha C chilibe mawu ake.

Kukula kwa malo

Kunena kuti chinthu ndi cholowa kapena chotuluka ndi theka la nkhani. Theka linalo ndi funso lakuti, zingati? Mu C, mndandanda ukaperekedwa kwa function umasanduka pointer yoloza chinthu choyamba, ndipo kutalika kwake kumatayika panjira. N'chifukwa chake timapereka `kuchuluka` pambali. Koma kwa compiler, `kuchuluka` ndi nambala wamba yopanda chibale chilichonse ndi `malikisi`. Chizindikiro cha `_In_reads_` ndi chimene chimakwatitsa ziwirizi. Mukalakwitsa n'kulemba `i <= kuchuluka` m'malo mwa `i < kuchuluka`, cholakwika chimene aliyense wa ife anachitapo, wofufuza amaona kuti mwaponda sitepe imodzi kunja kwa mndandanda n'kupereka C6385. Kulemba kunja kwa malire kumadzetsa C6386.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi `memcpy`. Mu C wamba ili ndi ma pointer awiri ndi nambala imodzi. Ikavekedwa SAL imaoneka motere:

```c
void *memcpy(
    _Out_writes_bytes_all_(count) void *dest,
    _In_reads_bytes_(count) const void *src,
    size_t count);
```

Werengani pang'onopang'ono ndipo mudzapeza kuti malangizo onse a function imeneyi ali pomwepo. Ku `src` kuyenera kukhala ma byte owerengeka okwana `count`. Ku `dest` kuyenera kukhala malo okwana chimodzimodzi, ndipo function ikamaliza, onsewo adzakhala atalembedwa. Kachidutswa ka `all` n'kofunika. Chizindikiro cha `_Out_writes_` pachokha chimangonena kukula kwa malo, osalonjeza kuti adzadzazidwa onse. Pamene function ikudzaza mbali chabe, ngati mmene imachitira yowerenga fayilo, pali `_Out_writes_to_`, chimene chimatenga nambala ziwiri, kukula kwa malo ndi kuchuluka kwa zimene zalembedwadi.

Samalani ndi kachidutswa ka `bytes`. Pa Windows chilembo cha mtundu wa `wchar_t` chimatenga ma byte 2. Mukakonza malo a zilembo 20 n'kufunsa `sizeof`, yankho ndi 40. Mukapereka 40 ameneyo kwa function imene ikuwerengera zilembo, iyo idzaganiza kuti ili ndi ufulu wolemba zilembo 40, omwe ndi ma byte 80, m'malo okwana ma byte 40. Ndi dzina lalifupi ngati Dalitso simudzaona vuto. Lidzaoneka tsiku limene wina adzalembe dzina lalitali, kapena tsiku limene munthu wa zolinga zoipa adzalitalikitse dala. Function ikakhala ndi `_Out_writes_`, wofufuza amayerekezera 40 ndi kukula kwenikweni kwa mndandanda pamalo poitanira pomwepo.

Za NULL ndingonena mwachidule. `_In_` ndi `_Out_` zimatanthauza kuti pointer siiloledwa kukhala NULL, ndipo woitana akapereka yokayikitsa amalandira C6387. Mukawonjezera `opt`, monga `_In_opt_` kapena `_Out_opt_`, mwalola NULL, tsono udindo wofunsa wagwera function, ndipo ikagwiritsa ntchito pointer isanafunse imalandira C6011. Musamwaze `opt` paliponse pofuna kuoneka okoma mtima. Aliyense amene mwaika ndi `if` wina amene muyenera kulemba ndi kuyesa.

Kumene panganoli lili m'chinenero momwemo

SAL ndi chigamba chosokerera pa chovala chimene chinasokedwa popanda malo amenewa. Zinenero zina zinabadwa nawo. Mu Ada, chinenero chimene chinakonzedwa mothandizidwa ndi unduna wa zachitetezo wa dziko la America ndipo malamulo ake anatuluka mu 1983, parameter iliyonse ndi `in`, `out` kapena `in out`. Mukapanda kulemba kanthu imatengedwa ngati `in`, ndipo compiler imakana kuti muisinthe. Fortran 90 inabweretsa mawu a `INTENT` pa cholinga chomwecho. Mu C# muli `out`, `ref`, komanso `in` amene anawonjezedwa mu 2017. Kumeneko si chenjezo chabe. Function imene yatuluka isanalembe parameter ya `out` simangidwa n'komwe, ndipo woitana naye amayenera kulemba `out` pamalo poitanira, monga mmene mumachitira ndi `int.TryParse`. Khodi ya mnzathu ija ikanalembedwa mu C# sikanafika poyenda.

Ambiri a ife m'labu timagwiritsa ntchito GCC, kaya pa Linux kapena kudzera mu Code::Blocks, ndipo GCC sifufuza zizindikiro za SAL. Ili ndi njira yakeyake. Kuyambira GCC 10, imene inatuluka mu 2020, pali attribute yotchedwa `access`:

```c
__attribute__((access(read_only, 1, 2), access(write_only, 3)))
int pezaAvereji(const int *malikisi, int kuchuluka, double *avereji);
```

Manambalawo akuloza ma parameter kuwerengera kuyambira 1. Woyamba ndi wongowerenga, ndipo kuchuluka kwake kuli mwa wachiwiri. Wachitatu ndi wongolemba. Kalembedweka n'kosakongola, ndipo mukadzawonjezera parameter pakati muyenera kukumbukira kusintha manambala, koma kamathandiza GCC kuchenjeza mukapereka malo ochepa kuposa nambala imene mwanena. Sikanena zonse zimene SAL imanena. Mwachitsanzo kalibe chofanana ndi `_Success_`.

Palinso zizindikiro zimene zimangooneka ngati izi koma ndi za maso a anthu okha. Mu khodi yakale ya Windows, komanso mu khodi ya UEFI, mudzapeza mawu a `IN`, `OUT` ndi `OPTIONAL` a zilembo zikuluzikulu, amene kwa compiler ndi ma macro opanda kanthu. Doxygen nayo imalola kulemba in ndi out m'ndemanga pofotokoza parameter. Zimenezi n'zabwino kuposa kusalemba kanthu, koma compiler siziyang'anira, ndipo khodi ikasintha, ndemanga imatsala ikunenabe za dzana.

Chizindikiro chabodza

Apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike mtima, chifukwa ophunzira ambiri akangodziwa SAL amayamba kuika zizindikiro mothamanga kuti machenjezo athe. Wofufuza akakhala kwa woitana amakhulupirira chizindikiro chanu ndi mtima wonse. Tiyerekeze kuti muli ndi function yowonjezera malikisi pa chiwerengero, imene m'kati mwake muli `*zonse += x`. Mzere umenewu umawerenga kaye, kenaka n'kulemba, choncho parameter imeneyi ndi buku la kuchipatala lija, `_Inout_`. Mukailemba kuti `_Out_`, mwauza wofufuza kuti woitana aliyense ali ndi ufulu wobweretsa variable yopanda kanthu, ndipo kwa oitana onse adzakhala chete. Adzakugwirani pokhapokha akafufuzanso m'kati mwa function, pamene adzaone kuti mukuwerenga malo amene munati simuwawerenga. Ngati khodi ya m'katiyo sidutsa kwa wofufuza, monga zimakhalira ndi library ya anthu ena imene mwangoilembera header, bodzalo limakhala mpaka kalekale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'malo ena chizindikiro cholakwika sichingobisa vuto koma chimawononga deta. Mu Fortran, mndandanda wa mtundu wa allocatable ukaperekedwa kwa parameter yolembedwa kuti ndi yotuluka, zimene zinalimo zimatayidwa polowa pomwe. Pamene mapulogalamu awiri akuyankhulana pa netiweki kudzera mu RPC ya Windows, zizindikiro za in ndi out za m'fayilo ya IDL ndi zimene zimalamula deta yoyenda pa waya. Cholembedwa out sichitumizidwa popita, chimangobwera pobwerera. Mukalemba out pa chinthu chimene mbali inayo imafuna kuwerenga, sichidzafikako.

Dziwaninso malire ake. Zizindikirozi siziteteza pulogalamu ikamayenda. `_In_` saletsa munthu wosagwiritsa ntchito wofufuza kukupatsani NULL, choncho deta yochokera kunja, kwa wogwiritsa ntchito kapena pa intaneti, iyenera kuyesedwabe ndi `if` weniweni. Cholakwika cha Heartbleed, chimene chinaululika mu OpenSSL mu Epulo 2014, chinali pa `memcpy` yemwe uja. Kompyuta yakutali inkatumiza uthenga waufupi n'kunena kuti ndi wautali, ndipo seva inkakhulupirira nambalayo n'kubweza mpaka 64 KB ya zinthu za mu memory yake, zimene zikanatha kukhala mawu achinsinsi a anthu. Pangano la `memcpy` linali lodziwika bwino, komabe zida zingapo zotchuka zofufuza khodi sizinaone vutolo lisanaululike. Pointer yake inali itadutsa m'manja mwambiri, ndipo pofika pa `memcpy` kukula kwenikweni kwa uthengawo kunali kutasowa m'maso mwa wofufuza. Unyolo wa zizindikiro ukaduka pa function imodzi, za kutsogolo kwake zimakhalanso zolosera.

Ndipo nthawi zina yankho labwino ndi kusakhala ndi parameter yotuluka n'komwe. Malangizo a C++ Core Guidelines, amene akuluakulu ake ndi Bjarne Stroustrup ndi Herb Sutter, amalimbikitsa kubweza yankho kudzera pa `return` m'malo mwa parameter yotuluka. Mu C++17 function yathu ija ikhoza kubweza `std::optional<double>`, chinthu chimodzi chonyamula avereji kapena uthenga wakuti palibe. Mu C mukhoza kubweza struct yokhala ndi zonse ziwiri. Ine ndikamalemba khodi yatsopano ndimayamba kufunsa funso limeneli, ndipo zizindikiro ndimazisungira mindandanda, ma buffer, ndi ma function akale amene sindingathe kuwasintha maonekedwe popanda kuthyola khodi ya anthu ena.

Zoti mukachite m'labu sabata ino

Tengani pulogalamu ya C imene munalemba teremu yatha, osati yatsopano, chifukwa tikufuna imene munaiwala kale zimene munkaganiza poilemba. Bisani m'kati mwa ma function onse n'kutsala ndi mizere yoyamba yokha. Pa pointer iliyonse lembani pa pepala mayankho a mafunso awa: kodi function ikuwerenga, ikulemba, kapena zonse ziwiri? Kodi NULL ikuloledwa? Kumene ikulozako kuli zinthu zingati, ndipo nambala imeneyo ili mu parameter iti? Function ikalephera, m'malomo mumatsala chiyani? Mukamaliza, mupatseni mnzanu mizere yomweyo ayankhe payekha, kenaka muyerekezere mapepala anu musanatsegule khodi. Pamene mwasiyana ikanipo chizindikiro cha pensulo.

Kenaka ikani zizindikiro zenizeni n'kuyatsa wofufuza. Visual Studio Community ndi yaulere kwa ophunzira ndipo `/analyze` ilimo. Amene muli pa GCC 10 kapena yatsopano gwiritsani ntchito `access` pamodzi ndi `-Wall`, `-Wextra` ndi `-O2`, chifukwa machenjezo ena a GCC amatuluka pokhapokha optimization ikayatsidwa. Yambani ndi ma function a pansi, amene saitana anzawo, n'kumakwera m'mwamba, kuti pofika kwa oitana wofufuza akhale ali ndi chogwira. Chenjezo lililonse muliwerenge mpaka mumvetse njira imene wofufuza wadutsa musanasinthe mzere uliwonse. Mukapeza lina limene mukukhulupirira kuti ndi lolakwika, musalizimitse msanga. Lembani nambala yake, mzere wake ndi chifukwa chanu, ndipo mubwere nazo kuti tidzazione limodzi pa bolodi.